Masharubu a Bwana Likaka ndi Ma Eyisi Awiri

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditapita, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinavala malaya oyera ndi kunyamula thireyi, chifukwa ntchito imeneyo ndiyo inakulerani. Ndikufunanso kuwongola nkhani ina imene yakhala ikuyenda mokhota kuno ku Chikamveka, yoti bambo wanu, mkulu wa mpingo, ankatchova njuga paphiri. Sindinatchovepo. Ine ndinkangogawa makhadi.

Chaka changa choyamba, m'tauni

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa lesitilanti ina pafupi ndi msika wa Zomba. Mwini wake anali mayi wa mawu ochepa koma maso ambiri. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Makwinja, weta amakhala ndi makutu ndi manja. Pakamwa uzisiya kunyumba." Ndinakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri. Panali nthawi ina shuga anasowa m'tauni monse, ndipo tinauzidwa kuti kasitomala akadandaula tizimuyankha kuti atakase kwambiri, shuga ali pansi. Bambo wina wa kukhoti anatakasa mpaka tiyi anazizira, kenako anandiitana n'kunena kuti, "Achimwene, ndafika pansi, sindinakumane naye." Pamalo amenewo ndi pamene manja anga anaphunzira changu. Ndinkatha kunyamula mbale zisanu osagwetsa ngakhale nyemba imodzi.

Chaka chachisanu ndi chitatu, kukwera phiri

Kenako ndinalembedwa pa nyumba ina ya alendo pamwamba pa phiri. Dzina lake sindilitchula, eni ake akadalipo. Kumeneko ndinagwirako zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinadziwa kuti kuzizira kwa ku Chikamveka n'kwa masewera. Chifunga chikatsika, mlendo ankatha kutayika pakati pa chipinda chake ndi chodyera. Anyani ankaba buledi pakhonde ngati alipira. Mamanijala anabwera n'kupita atatu, wachinayi ndiye anali Bwana Likaka.

Bwana Likaka anali munthu wamfupi, wa mtima wabwino, wokonda kumva mawu ake. Chuma chawo chachikulu chinali masharubu, ndevu za pamlomo wapamwamba zija. Ankati sanawametepo chikwatirire. M'mawa uliwonse ankawapaka mafuta n'kuwapotokola nsonga zake kuloza kumwamba, ndipo ife antchito tinkadziwa mmene tsiku liyendere poona nsongazo. Zikagwa, aliyense ankapeza chochita kutali.

Masewera a poka anabwera ndi alendo ena akunja amene chifunga chinawatsekera m'nyumba masiku atatu. Anaphunzitsa bwana, ndipo pochoka anawasiyira makhadi. Kwa inu osadziwa, makhadi alipo 52. Aliyense amalandira awiri obisa, kenako ena asanu amayalidwa pakati, a onse. Wopambana ndi amene makhadi ake agwirizana bwino ndi apakatiwo. Khadi lalikulu ndi eyisi, kutsatira kingi, kwini, jeki, mpaka kutsika pa thuu. Ukalandira ma eyisi awiri, wayamba bwino kuposa wina aliyense. Ukalandira seveni ndi thuu a mitundu yosiyana, anthu amati wayamba moipa kuposa onse.

Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa

Chaka chimenecho alendo anasiya kukwera phiri. Tinkayala matebulo m'mawa n'kuyalula madzulo, mafoloko ali oyera. Bwana, posowa chochita, anayamba kuitana anzawo Loweruka lililonse masana. Okhazikika anali awiri. Woyamba anali a Saidi, mwini sitolo ya nsalu m'tauni, amene ankabwera pa kapikiapu kawo, n'kumatsika phiri injini atazimitsa kuti asunge mafuta. Wachiwiri anali a Mpulula a ku Masongola, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, wamtali, wa bondo lowawa. Nthawi zina pankakhalanso ena a za nkhalango.

Ndalama sizinkaloledwa patebulo. Mayi Likaka, amene ankakhala kunyumba kwawo ku Mtiya, anali a Mvano olimba, ndipo analumbiritsa amuna awo kuti njuga ayi. Choncho ankasewerera zitsekerero za mabotolo. A Saidi ankati chitsekerero si chuma, ndiye palibe tchimo. Ine anandisankha kugawa chifukwa cha manja anga aja, komanso ankati mkulu wa mpingo sangabere munthu. Ndinadziuza kuti wogawa ali ngati woyendetsa minibasi, kumene okwera akupita si nkhani yake.

Patebulo limenelo ndinamva zikhulupiriro zoposa za kumudzi. A Saidi sankalola kukhala pampando wofulatira chitseko, ankati makhadi abwino amatulukira kumbuyo. Akalandira makhadi awiri a mtundu umodzi, monga mitima yokhayokha, ankasewera ngakhale akhale aang'ono chotani, ati abale satayana. Bambo wina wa za nkhalango ankanyansidwa akalandira ma eyisi, ati amaluza nthawi zonse. Bwana ankandiuza kuti ndisambe m'manja ndi madzi ofunda akaluza katatu motsatizana.

A Mpulula ankavutika nazo ngati munthu amene akumva kwaya ikuimba mophonya.

"A Saidi," ankatero, "makhadi anu a mtundu umodziwo amakwana asanu pafupifupi kamodzi pa maulendo 16. Maulendo enawo mukungodyetsa anzanu."

"Ndiye lero ndi kamodziko, aphunzitsi."

"Nanga inu mukuti ma eyisi amaluza, mukalimbana ndi munthu mmodzi amapambana maulendo 17 pa 20. Kungoti atatu oluzawo ndi amene mumakawasimba kunyumba."

Tsiku lina bwana anadandaula kuti ma eyisi awiri akuwazemba. A Mpulula anatenga pepala la mndandanda wa zakudya, n'kulitembenuza, n'kulemba kumbuyo kwake. Anati njira zotengera makhadi awiri pa 52 zilipo 1,326, ndipo mwa zimenezo zisanu ndi chimodzi zokha ndizo za ma eyisi awiri. "Ndiye kuti kamodzi pa maulendo 221, a Likaka."

Maso a bwana anawala. "Pa 221?"

"Mongoyerekeza pa nthawi yaitali. Si kuti..."

"Basi, aphunzitsi, ndamva. Mwandithandiza."

A Mpulula anadzandiuza pambuyo pake kuti pa zaka zonse za uphunzitsi wawo sanalakwitsepo ngati tsiku limenelo.

Juni wa chaka chomwecho

Kuyambira Loweruka lotsatira, bwana anayamba kulemba kamzere pachikuto cha bokosi la makhadi ulendo uliwonse umene sanalandire ma eyisi awiri. Mizere ikamachuluka, iwo ankakondwa. Pa 100 anagulira aliyense mabulosi kwa amayi ogulitsa pamsewu. Pa 180 anayamba kuimba mluzu.

"A Likaka, makhadi sakumbukira," a Mpulula ankachonderera. "Sadziwa kuti dzulo anapita kwa yani. A Makwinja akasakaniza, zonse zimayambiranso. Ulendo wa 221 ndi chimodzimodzi ulendo woyamba."

"Aphunzitsi, munthu akaima pamzere wa mafuta masiku atatu, safika pa pampu?"

"Pamzere pali amene akukuonani kuti mwaima. Apa palibe."

"Inu munanena nokha 221. Kapena masamu anu ndi abodza?"

Loweruka lachinayi mizere inakwana 220 dzuwa likadalipo. Bwana anaimitsa masewera pomwepo. Anaimirira, n'kupotokola masharubu, n'kulengeza kuti Loweruka linalo ulendo woyamba adzasewera ndi a Mpulula okha, ndipo makhadi awo sadzawayang'ana n'komwe mpaka pogubuduza. Akaluza, ameta masharubu pomwepo, onse akuona. A Mpulula akaluza, atsika phiri wapansi mpaka m'tauni, kudzera kanjira kotsetsereka ka ogulitsa mbatata. A Saidi anati uku si kuseweranso, koma a Mpulula magazi anali atatentha. Anati mwayi wake ndi theka ndi theka, ndipo ngati masharubu ndiwo mtengo woti munthu aphunzire, iwo avomera. Anagwirana chanza.

Lachinayi m'mawa bwana anandipeza m'sitolo ndikupukuta matambula. Anatseka chitseko. Nsonga za masharubu zinali zitagwa.

"Achimwene," anatero. Chibwerere anali asananditchulepo choncho. "Ndakhala ndikuganiza. Ma eyisi aja akubwera, sindikukayika. Koma nthawi zina basi imachedwa."

"Imachedwa, bwana."

"Ndiye munthu wanzeru amaithandiza. Inu manja anu ndimawaona. Simungalephere kuika makhadi awiri pamalo pamene mukuwadziwa."

Ndinapitiriza kupukuta matambula.

"Si kuba, a Makwinja. Ndi anga kale, ndawadikira maulendo 220. Mukungowafulumizitsa." Anatsokomola. "Paja mkulu wa maweta akupuma mwezi wamawa. Dzina loti ndipereke kwa eni nyumba ndilibe."

Ana anga, apa ndinene zoona. Udindo umenewo ndinali nditaudikira zaka khumi ndi zisanu. Unali ndi nyumba yake paphiri, ndipo iwe Grace unali utangosankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Sindinakane. Ndinati, "Ndamva, bwana." Masana omwewo ndinadzitsekera m'chipinda chosungira nsalu ndi makhadi aja, n'kuyesa. Ndinayesa katatu, ndipo katatu konse ma eyisi anagwera pamene ndinkafuna. Ndinachita mantha ndi manja anga omwe.

Lachisanu linali tsiku langa lopuma. Ndinatsika kunyumba n'kupeza mayi anu akuchapa pampopi. Ndinawafotokozera zonse, ndikukometsa mbali ya nyumba ija. Iwo sanasiye kuchapa.

"Bambo a Grace, aphunzitsiwo si aja amayenda motsimphina?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye mukufuna kuwatsitsa phiri ndi manja anu."

"Akhozanso kuluza okha, popanda ine."

"Akaluza okha ndi zawo. Nanga mukawapatsa abwanawo kamodzi, Loweruka linalo adzafuna chiyani? Mudzakhala mkulu wa maweta kapena kapolo wa makhadi?" Anafinya malaya anga oyera n'kundipatsa kuti ndiyanike. "Ine nyumba ya paphiri sindikuifuna. Kumazizira."

Loweruka lomaliza la Juni

Mbiri inali itamveka. Anabwera a za nkhalango, ophika anatuluka kukhitchini, ngakhale mlonda wamasana anasiya geti. A Saidi anabweretsa lumo latsopano ndi sopo, n'kuziika patebulo mwaulemu ngati mphatso ya ukwati. A Mpulula anavala nsapato za tenesi, kusonyeza kuti masamu sanawalonjeze kanthu.

Ndikutenga makhadi, ndinali ndisanatsimikize chochita. Ma eyisi awiri ndinkawadziwa pamene ali, pansi penipeni. Ndinayang'ana a Mpulula akusisita bondo lawo, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Lero poti ndi tsiku lalikulu, a Saidi ndiwo asakanize, aphunzitsi adule." A Saidi anasakaniza kasanu konse, makhadi ena akugwa pansi n'kutoledwa. Ma eyisi aja anapita kumene Mulungu yekha akudziwa. Ndinayang'ana bwana ndikuyembekeza mkwiyo, koma iwo ananditsinzinira diso limodzi. Ankaganiza kuti ndi mbali ya luso.

Ndinagawa awiri uku, awiri uku. A Mpulula anagubuduza awo: ma kingi awiri. Anthu anati, "Eee!" Bwana anaseka mokweza.

"Ma kingi ndi ana, aphunzitsi. Taonani akuluakulu."

Anagubuduza loyamba osaliyang'ana, maso ali pa anthu. Linali seveni. Anagubuduza lachiwiri. Thuu, wa mtundu winanso. Bwana anayang'ana makhadiwo, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso pansi pa tebulo ngati pali ena amene agwa. Dzanja lawo linakwera lokha kukaphimba masharubu. A Saidi anayamba kuvundula sopo m'kapu.

Ndinayala atatu apakati: naini, jeki, seveni. A Mpulula anati seveni mmodzi sathandiza, ma kingi akadali patsogolo. Ndinayala lachinayi: folo. Wophika wina anali atayamba kale kulira maliro a masharubu chapansipansi. Ndinayala lomaliza. Seveni.

Ma seveni atatu amaposa zimene aphunzitsi anali nazo. Bwana anakuwa mpaka anyani anathawa padenga. Anavina kuzungulira tebulo, anapsompsona khadi la thuu limene silinagwire ntchito iliyonse, n'kukumbatira mlonda. A Mpulula anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso, kenako anaimirira n'kutenga ndodo yawo. A Saidi anawachonderera kuti akwere galimoto, nkhani ithere pompo, koma iwo anati pangano ndi pangano.

Ndinapempha chilolezo n'kuwaperekeza, nditawanyamulira chikwama. Tinayenda maola atatu panjira imene amayi a mbatata amatsika ola limodzi. Pamalo ena otsetsereka ankatsika chokhala pansi.

"A Makwinja," anatero tikupuma pamwala, "seveni ndi thuu amagonjetsa ma kingi pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu. Kamodzi si kuti sizichitika. Ndinkawauza ana asukulu zimenezi chaka ndi chaka." Anasisita bondo. "Koma sindinkadziwa kuti kamodziko kamapweteka chonchi."

Tinatulukira m'tauni anthu akuweruka kumsika. Aliyense wowadziwa ankafunsa chimene chawachitikira, thalauza lili matope kumbuyo, ndipo iwo, poti anali munthu wosanama, ankafotokoza zonse mwatsatanetsatane.

Lolemba lotsatira

Bwana anandiitanira mu ofesi, nsonga za masharubu zili m'mwamba ngati nyanga.

"A Makwinja, ndinu katswiri! Ine ndimaganiza za ma eyisi, inu munaona patali. Mukanandipatsa ma eyisi aliyense akanakayikira. Koma seveni ndi thuu, n'kubisa seveni wina kumapeto! Mpaka kumupatsa Saidi kuti asakanize! Kalata ya udindo wanu ndilemba lero."

Apa ndiye panali povuta kuposa Loweruka. Sindinabe, udindo ukubwera wokha, ndipo chofunika chinali kungotseka pakamwa monga anandiphunzitsira mayi a lesitilanti aja. Koma ndinaona Loweruka lililonse la moyo wanga bwana akunditsinzinira diso.

"Bwana, sindinachite kanthu."

"Eya, eya. N'zimene tizinena."

"Ayi, bwana. Ndikunena zoona. Makhadi aja anabwera okha. Sindinkadziwa ngakhale limodzi."

Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

"Mukutanthauza kuti seveni womaliza uja..."

"Akanatha kukhala khadi lina lililonse."

"Ndiye kuti masharubu anga anali panja? Opanda mlonda?"

"Anali panja, bwana."

Anakhala pansi mwadzidzidzi n'kupempha madzi. Atamwa anati ndine munthu woopsa, wosasamala za moyo wa mnzake, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikatsuke mapoto kukhitchini. Udindo uja anapatsa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kupinda nsalu za patebulo. Zinandiwawa, sindinama. Ine ndinadzaupeza patapita zaka zinayi, kwa manijala wina. Iwe Grace unapitabe kusukulu, mayi ako atagulitsa mbuzi zawo ziwiri, ndipo mpaka lero sanasiye kundikumbutsa.

Patatha milungu itatu

Ndinatsuka mapoto milungu itatu. Ndinkamva kuti patebulo zinthu zasokonekera. Wogawa watsopano ankagwetsa makhadi, a Saidi anali atayamba kusewera seveni ndi thuu paliponse ati ndi makhadi odalitsika, ndipo a Mpulula anakana kubweranso mpaka nditabwerera.

Lolemba lina m'mawa kunalowa kukhitchini munthu wamfupi wovala suti ya bwana. Wophika wamkulu anamufunsa kuti akufuna yani. Atayankhula ndi pamene tinazindikira mawu. Pamlomo panali poyera, posalala ngati dzira losenda, ndipo mlomo wapamwambawo unali waung'ono modabwitsa. Wina anagwetsa chivindikiro. Wina anathawira kunja atagwira pakamwa.

Nkhani inali itayenda kuchoka kumsika, kudutsa kumpopi, mpaka kukafika ku Mvano Lachinayi. Mayi Likaka sanakalipe. Lamlungu m'mawa anangoika lumo ndi madzi ofunda patebulo n'kunena kuti, "Bambo, chinthu chimene munachiika patebulo la njuga sichipita nane kutchalitchi."

"A Makwinja," bwana anatero osandiyang'ana, "Loweruka mubwerere kumakhadi. Ndipo musandiyang'ane pakamwa."

Loweruka limenelo onse anabwera. Palibe amene anatchula za masharubu. A Saidi ankangoyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Ndinagawa maulendo angapo, mpaka bwana anaika makhadi pansi n'kutembenukira kwa a Mpulula.

"Aphunzitsi, za makhadi ndavomera, sakumbukira. Koma tandiwerengereni ichi. Munthu akachita kanthu pamwamba pa phiri, chitseko chotseka, mwayi woti mkazi wake ku Mtiya amve ndi wotani?"

A Mpulula anatenga pensulo, anayang'ana pepala kanthawi, kenako anaibweza m'thumba osalemba kanthu.

"Ku Zomba kuno, a Likaka? Kamodzi pa kamodzi."